Injini ya ku Joni yomwe sinafike ku Malindi

Nyanja ikatsekedwa pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, madoko a kummawa kwa Mangochi amachepa phokoso, koma mafoni sapuma. Iyi ndiyo miyezi yomwe eni maboti amasoka maukonde, kumata matabwa ndi kusakasaka zida zatsopano. Ndi nthawi yomwenso abale a ku Joni amatumiza katundu wa kumapeto kwa chaka, matireyila n'kumalowa pachipata cha Mwanza atasenza mafiriji, matilesi ndi njinga zamoto. Akamberembere a pa intaneti nyengo imeneyi amaidziwa bwino, ndipo malonda a injini, masola ndi mafoni otsika mtengo amachuluka pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp.

Ku Malindi, m'mbali mwa msewu wopita ku Makanjira, nkhani yomwe ili m'kamwa mwa anthu ndi ya mayi wina wogulitsa usipa. Mayiyu amagula nsomba m'mamawa padoko, kuziyanika pathandala, zikauma n'kupita nazo ku Limbe. Ali ndi boti lamatabwa lomwe adakhometsa ndi phindu la geni yomweyo, koma lopanda injini. Usiku uliwonse anyamata ake akamapita ku chilimira amachita kubwereka injini ya munthu wina, ndipo mwini injiniyo amatenga gawo lake nsomba zisanafike n'komwe pathandala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa injini yatsopano m'sitolo za ku Blantyre udafika poti mayiyu adasiya n'kufunsa komwe.

Yemwe adabweretsa nkhani yabwino ndi mlongo wake wamng'ono, mnyamata woyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Iye adali atapeza pa Facebook munthu wogulitsa katundu wa ku Johannesburg. Adayesa kugula foni, natumiza ndalama, ndipo patatha masiku angapo foniyo idafikadi pabasi ku Mangochi boma, ili m'bokosi lake. Atafunsa za injini, zithunzi zidabwera tsiku lomwelo: injini ya mahosipawa 15, yogwirako ntchito koma yonyezimira, mtengo wake pafupifupi theka la wa ku Blantyre.

Wogulitsayo sankalemba uthenga, ankatumiza mawu. Ankayamba ndi salamu, n'kulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, kumutchula mayiyu kuti achemwali. Adati kwawo ndi ku Namwera, ndipo adafunsanso ngati mwera udavuta chaka chimenecho. Nambala yake ya WhatsApp idali yoyamba ndi +27. Pa zonsezi mayiyu adaona mwana wa kwawo yemwe ali pa ulendo, monga alili amuna ambiri a m'mudzi mwake.

Theka la ndalama lidayenera kutsogola. Nambala yolandirira idali ya kuno ku Malawi, akuti ya mkazi wake wokhala ku Blantyre. Ejenti wa pamsika adawerenga mokweza dzina lomwe lidatuluka pafoni, monga amachitira, ndipo mayiyu adavomera kuti ndi lomwelo. Mawa lake kudabwera chithunzi chomwe mpaka lero sadachifute: chinthu chokutidwa ndi pulasitiki wakuda, chomangidwa ndi tepi, patepipo palembedwa dzina lake, MALINDI, ndi nambala yake ya foni. Adachionetsa kwa amayi anzake onse padoko.

Kenaka mafoni adayamba kuchokera kwa munthu wina, wodzitcha thiransipota. Adaimba kuti adutsa Beitbridge. Adaimbanso kuti ali ku Tete, awoloka Zambezi. Ulendo wachitatu mawu adali ena: katundu wagwidwa ku Mwanza, pakufunika msonkho isanakwane 4 koloko, kupanda kutero injini ilandidwa. Mayiyu adathamangira ku banki mkhonde, amayi adatsegula bokosi tsiku losakhala la msonkhano, namukongoza. Mawa lake thiransipota adati mafuta amuthera pa Zalewa. Apo adagulitsa usipa womwe udali pathandala, mtengo wotaya, kwa wogula woyamba kufika.

Foni yomaliza idati adutsa Ulongwe. Mayiyu ndi mlongo wake adakwera njinga yamoto kukadikira pafupi ndi mlatho wa Shire ku boma, atapangana kale ndi mwini kagalimoto koti kanyamule injiniyo. Adakhala pamenepo akuyang'ana galimoto iliyonse yokoka tireyila mpaka ogulitsa chipisi adayatsa nyali zawo. Nambala zonse zitatu zidali zitazima.

Chomwe chagawa mudzi si wakubayo ayi, pakuti palibe amene adamuona. Ndi mlongo uja. Patapita masiku zidadziwika kuti ndalama yoyamba itangotumizidwa, wogulitsayo adamutumizira mnyamatayo kangachepe koti agule mafuta a njinga, namulonjeza zina pa kasitomala aliyense yemwe abweretse. Mnyamatayo sadauze mlongo wake za ndalamayi. Nkhani idapita kwa malume awo, mwinimbumba, ndipo itakanika idakafika kwa amfumu.

A mbali ya mwamuna wa mayiyu akunena kuti wolandira ndalama ya wakuba wadya naye, choncho agulitse njinga yamoto abweze ngongole ya ku banki mkhonde. Akufunsa kuti ngati mtima wake udali woyera, adabisiranji? Malume akukana. Akuti mnyamatayo adapusitsidwa chimodzimodzi, foni ija idali nyambo chabe, ndipo kulandira kangachepe ukapezera munthu kasitomala ndi zomwe aliyense amachita padoko: wokupezera wogula nsomba umamugwira m'manja, wokulozera boti la malonda chimodzimodzi. Akuwonjezera kuti njinga ikagulitsidwa mabanja osowa chakudya akhala awiri m'malo mwa limodzi.

Amayi a banki mkhonde nawo ali pawiri. Ena akuti bokosi silidziwa za akuba, wokongola abweze ndi chiwongoladzanja chake monga mwa malamulo omwe adagwirizana. Ena akukumbutsa kuti chithunzi cha pulasitiki wakuda adachiona onse, adalulutira onse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa kuti msonkho wa boma umalipiridwa bwanji pa nambala ya munthu wamba. Mayi mwini nkhaniyo salankhula zambiri. Sakufuna kuti mlongo wake apite kupolisi, koma sakwerabe njinga yake.

Kunena zoona, mlandu wa mnyamatayu si wakuba. Cholakwa chake n'chakuti adachitira umboni munthu yemwe sadamuonepo, chifukwa cha foni imodzi. Ndipo apa m'pamene akamberembere a masiku ano amadalira. Amadziwa kuti mayi wa ku Malindi sangatumize ndalama za chaka chonse kwa mlendo wa pa Facebook, koma angatumize mlongo wake akanena kuti munthuyu ndamuyesa ine. Katundu wamng'ono amatumizadi, amaluza dala, kuti agule mboni ya m'banja.

Njira yomweyi ndiyo imayendetsa magulu olonjeza kuchulukitsa ndalama pafoni. Olowa koyamba amalipidwadi, ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo iwowo ndi amene amakaitana azibale awo ndi anzawo a kumzikiti kapena kutchalitchi. Mu 2016 gulu lotere lochokera ku Russia, lomwe linkalonjeza 30 peresenti pamwezi, lidagwa ku South Africa ndi ku Zimbabwe anthu ambiri atayikamo zawo zonse. Maina amasintha, lero akuti forex, mawa akuti crypto, koma funso lofunsa ndi limodzi: phindulo likuchokera pa geni yanji, ndipo gululo lili ndi chilolezo cha banki yaikulu ya dziko lino?

Malamulo alipo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Koma dzina lotuluka pafoni limangosonyeza mwini chiphaso chomwe adalembetsera nambala, osati yemwe wagwira foniyo. Akuba amagwiritsa ntchito ziphaso zotayika kapena za anthu akumudzi omwe adawanyengerera ndi ndalama pang'ono. Ejenti uja akuti ndalama yachinyengo siigona pa nambala. Imasunthidwa kapena kutapidwa nthawi yomweyo. Wodandaula msanga ku kampani ya foni ndi kupolisi nthawi zina amaipeza isanachoke. Mayiyu adadandaula atatha tsiku lathunthu pamlatho.

Bambo wina yemwe wakhala akunyamula katundu pakati pa Johannesburg ndi Mangochi kwa zaka zambiri adamva nkhaniyi n'kungopukusa mutu. Malinga ndi iye, Malindi ndi malo omwe munthu sayenera kuberedwa chotere, chifukwa pafupifupi banja lililonse lili ndi wake ku Joni. Foni imodzi kwa msuweni kuti apite akaione injiniyo ndi maso, aikhudze, ailize, ikadathetsa zonse. Wogulitsa weniweni sakana kupereka adiresi, sakananso kuimba pa vidiyo n'kuonetsa nambala yodindidwa pa injini. Za msonkho adati umalipiridwa pa ofesi ya pachipata, pamatuluka lisiti, ndipo thiransipota wodziwika amakambirana nawe mtengo wonse katundu asananyamuke. Munthu akayamba kukuikira ola, akuti, zimitsa foni kaye ukafunse wina. Adadandaulanso kuti nkhani zoterezi zikuwaonongera geni, chifukwa tsopano ngakhale makasitomala akale akufuna kulipira katundu atatsitsidwa pakhomo, pamene mafuta amagulidwa ulendo usanayambe.

Amfumu adaimitsa kaye mlandu wa mnyamata wa kabaza uja mpaka nyanja itatsegulidwa, kuti aone ngati mayiyu ndi mlongo wake angagwirizane zobweza ngongoleyo pang'onopang'ono.

Pamsika wa Malindi timaofesi ta maejenti tikuchulukirachulukira, tina tangokhala tebulo ndi ambulera. Tsiku lomwe ndalama za ku Joni zalowa pamakhala mzere. Agogo ambiri sadziwa kuwerenga uthenga wa pafoni, choncho amangopereka foni yonse kwa ejenti, n'kutchula nambala yawo yachinsinsi mokweza, kawiri, kuti amve bwino, anyamata a kabaza ali chiimire pambali kudikira wokwera.