Musanagulire mwana makina owerengera mabuku

Makolo ena a ku Area 10 ndi Area 43 akugulira ana matabuleti m'mashopu a ku Old Town kuti aziwerengerapo mabuku. Koma tabuleti imakopa mwana ndi magemu ndi YouTube, ndipo batire yake sichedwa kutha magetsi akazima.

Kindle, yomwe kampani ya Amazon idayamba kugulitsa mu 2007, ntchito yake ndi kuwerengera basi. Sithobwa m'maso, ndipo batire imakhala masabata angapo. Vuto ndi lakuti mabuku ake ambiri amagulidwa ndi khadi la kubanki m'madola, ndipo a Chichewa ndi osowa.

Choncho dzifunseni kaye: mwanayo awerengamo chiyani? Nthano za Chichewa zaulere zilipo pa tsamba la African Storybook. Komanso yambani mwapita naye ku National Library ku City Centre. Akazolowera buku lapepala, makinawo sadzagona m'kabati.