Kuyeza Mahomoni: Zimene Ndowe za Chipembere Zingatiuze

Aphunzitsi ndi ana nonse, amene mwafikapo ku Livingstone mukudziwa kuti m'nkhalango ya Mosi-oa-Tunya muli zipembere zoyera zowerengeka, zimene alonda amazisunga usana ndi usiku. Chipembere chachikazi chimakhala ndi bere pafupifupi miyezi 16, ndipo kwa nthawi yaitali bere lake silioneka. Tsono munthu angadziwe bwanji kuti chiri ndi bere popanda kuchigwira? Akatswiri a nyama, monga a pa yunivesite ya Pretoria, amapeza yankho la funso lotere m'ndowe.

Thupi la nyama, ngakhalenso lanu, limapanga timadzi tonyamula uthenga totchedwa mahomoni. Ena mwa iwo, a mtundu wa steroid, amapangidwa kuchokera ku mafuta otchedwa cholesterol. Progesterone amachuluka pamene pali bere. Cortisol, wochokera ku tiziwalo ta pamwamba pa impso, amachuluka pa nthawi ya mantha. Akatha ntchito, zotsalira zake zimatuluka m'mkodzo ndi m'ndowe. Ku labotale amaumitsa ndowezo, nazipera, nazikhutchumula mu spiriti kuti zotsalirazo zisungunuke.

Bvuto ndi lakuti mahomoni ndi ochepetsetsa, osayezeka pa sikelo. Njira yake anaitulukira Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson ku New York cha m'1959, poyeza insulin, ndipo m'1977 mayi Yalow analandira mphoto ya Nobel. Pofika 1969 njirayi inayamba kugwira ntchito pa ma steroid.

Kuti muimvetse, aphunzitsi, yesani masewera awa. Ikani mipando 10, ndipo ana 10 obvala zisoti aithamangire. Onse adzakhala. Kenaka onjezani ana 30 opanda zisoti, onse athamange pamodzi. Tsopano a zisoti opeza malo adzachepa. Munthu wowerenga zisoti zokha za pamipando angathe kuganizira kuchuluka kwa ana opanda zisoti. Ku labotale, mipando ndiyo ma antibody, amene amagwira homoni. Ana a zisoti ndiwo homoni woikidwa chizindikiro. Opanda zisoti ndiwo homoni wa chipembere chija. Poyamba chizindikirocho chinali cha mphamvu ya radiation. Lero ambiri amagwiritsa ntchito chizindikiro chosintha mtundu wa madzi, m'kambale ka timaenje 96. Mtundu ukafooka, ndiye kuti homoni wa nyamayo ndi wambiri.

Komatu mpando sufunsa dzina la wokhalapo. Ma steroid amafanana ngati ana a bere limodzi, kotero antibody nthawi zina amagwira wolakwika. Chifukwa chake malabotale akuluakulu ali ndi makina a mass spectrometry, amene amalekanitsa mahomoni ndi kuzindikira aliyense pa kulemera kwake, ngakhale ndi okwera mtengo.

Nthawinso iri ndi kanthu. Mwa munthu cortisol amakwera m'mamawa natsika pakati pa usiku, choncho dokotala amafuna kudziwa ola limene magazi anatengedwa. Ndowe za chipembere zimanena za dzulo kapena dzana, ndipo zikakhalitsa padzuwa zimanamiza. Wozitola ayenera kuziika m'chisanu msanga.