Kasamalidwe ka Database pa Ntchito za Tsiku ndi Tsiku

Database ndi nkhokwe ya pa kompyuta momwe mfundo zimasungidwa mwadongosolo, kotero kuti munthu angathe kuzipeza ndi kuzisintha mwachangu. Mtundu wofala kwambiri umatsatira maganizo amene Edgar F. Codd wa ku kampani ya IBM anafalitsa mu 1970, akuti mfundo zizikhala m'matebulo, momwe mzere wopingasa umaimira chinthu chimodzi, monga wophunzira, pamene mzere wotsika umasunga mbali imodzi ya chinthucho, monga dzina kapena zaka.

Popeza anthu awiri angathe kukhala ndi dzina limodzi, tebulo lililonse limafunika kukhala ndi primary key, yomwe kawirikawiri imakhala nambala yosabwerezedwa, yofanana ndi ya pa chiphaso cha unzika chimene bungwe la National Registration Bureau linayamba kupereka m'Malawi mu 2017. Mfundo iliyonse ilembedwenso pamalo amodzi okha, chifukwa ikamwazikana, kwina imakonzedwa pamene kwina imaiwalika.

Wogwiritsa ntchito SQL, chilankhulo cholamulira database, asamale ndi lamulo la DELETE, chifukwa likaperekedwa popanda WHERE, mawu osankha mizere yofunikayo, limafufuta zonse za m'tebulo; n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi SELECT, lomwe limangoonetsa mizereyo osaisintha. Pomaliza, kope la database lizisungidwa kawirikawiri pa chipangizo china, ndipo liziyesedwa ngati likutseguka, popeza kuzima kwa magetsi kungawononge fayilo imene ikulembedwa.