Galu akayamba kukwawa, musathamangire chibonga

Amalume anga a ku Nachisaka, m'boma la Dowa, ali ndi galu dzina lake Mukanene. Ndi wamiyendo yaifupi koma thupi lalitali, ndipo adamutenga ku Lilongwe ali kamwana. Ndiye amathamangitsa anyani akatsika m'phiri kudzaba chimanga, ndiyenso amauwa usiku munthu akayandikira khola la mbuzi.

Nthawi yokolola, Mukanene adadumpha pangolo yodzadza chimanga n'kulira kamodzi, kwee! Kutacha, adapezeka akukwawa, miyendo yakumbuyo ikungokhwekhwereka pansi. Anthu adasonkhana, ndipo chigamulo sichidachedwe: "Chiwewe ichi, mupheni asanalume ana."

Sindikuwada anthuwo. Bungwe la World Health Organisation limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59 000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Chiwewe china chimafooletsadi ziwalo za galu osamupengetsa. Choncho mantha awo adali ndi pogwira.

Amalume atandiimbira foni, ndidawapempha chinthu chimodzi: amutsekere payekha, ana asamugwire, ndipo aitane alangizi a ziweto. Alangiziwo adafika panjinga yamoto madzulo. Adafunsa za katemera, amalume n'kutulutsa kakhadi. Adafunsa ngati galuyo adalumidwapo ndi nyama ina, ngati akuchucha dovu kapena wasintha khalidwe. Zonsezo ayi. Mukanene amadya, amamwa madzi, amagwedeza mutu akaitanidwa.

Kenako adamumanga kukamwa ndi kansalu n'kumutsina mwamphamvu chala cha mwendo wakumbuyo. Galu adatembenuka n'kulira.

"Bambo, galu wanuyu akumva ululu, ndiye kuti mwayi ulipo. Vuto lili mumsana," adatero.

Pakati pa mafupa a msana pali tikhushoni tofewa toteteza mafupawo kuti asamakhulane. Kakhushoni kamodzi kakaphulika kapena kutuphuka, kamafinya chingwe cha mitsempha chomwe chimadutsa mumsana. Zikatero, uthenga wochokera kuubongo sufika bwino kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumchira. Mu 1952, katswiri wa ku Sweden, Hans-Jörgen Hansen, adagawa vutoli pawiri. Loyamba limadza mwadzidzidzi, makamaka kwa agalu amiyendo yaifupi monga Dachshund. Lachiwiri limabwera pang'onopang'ono kwa agalu akuluakulu okalamba monga German Shepherd.

Kutsina chala kuja si nkhanza. Galu amene akumvabe ululu amakhala ndi mwayi waukulu woyendanso. Amene sakumva n'komwe afunika opaleshoni yamsangamsanga yochotsa chomwe chikufinya mitsemphacho, ndipo ngakhale atachitidwa opaleshoniyo, ochira amakhala theka kapena kupitirira pang'ono. Opaleshoni yotere ndi ya akatswiri a zipangizo zawo, monga a kuchipatala cha ziweto cha Onderstepoort ku Pretoria. Mlimi wa ku Nachisaka sangalote n'komwe zimenezo.

Chimene angathe n'chomwe amalume adachita. Adatchinga kakhola kakang'ono pakhonde, kokwana kugona ndi kutembenuka basi, n'kuyalamo masaka ouma. Galu wotere amayenera kukhala m'malo opanikiza milungu 4 mpaka 6, osathamanga, osadumpha. Pomutulutsa kukadzithandiza, amadutsitsa chitenje kunsi kwa mimba n'kumunyamulira kumbuyoko. Amamutembenuza kangapo patsiku kuti asachite zilonda, n'kumupukuta akadzinyowetsa. Alangizi adawaonetsanso kafinyidwe ka chikhodzodzo, chifukwa mkodzo ukakhalitsa umayambitsa matenda ena.

Pamankhwala ndiye padali mkangano. Azakhali adatulutsa Brufen wawo wa nyamakazi. Alangizi adakaniza ndithu, poti mankhwalawa amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso. Ngakhale Panado si womupatsa mwachisawawa. Mankhwala opha ululu oyenera agalu tidakawapeza ku Lilongwe, dokotala wa ziweto atamva bwino nkhani yonse.

Masiku 10 adatha Mukanene ali moyo. Apa pakamwa pa anthu padayamba kuchepa, chifukwa galu amene waonetsa zizindikiro za chiwewe kawirikawiri safika masiku amenewo. Sabata yachitatu adagwedeza mchira. Yachisanu adaimirira, akudzandira ngati wochokera kumowa. Lero akuyenda, ngakhale mwendo wakumanzere amaukoka pang'ono, ndipo pangolo sakweranso.

Sikuti galu aliyense amachira chonchi. Ena mitsempha imapitirira kuwonongeka, kufooka kumakwera mpaka kumapewa, ndipo chifundo chenicheni chimakhala kumugoneka mopanda ululu kudzera kwa dokotala. Koma chigamulo chimenecho chidze galu atapimidwa, osati pamsonkhano wa anthu amantha.

Chomwe chikundidandaulitsa n'chakuti Mukanene adapulumuka chifukwa cha zinthu ziwiri zomwe agalu ambiri akumudzi alibe: khadi la katemera ndi mlangizi wofika msanga. Pakadapanda khadilo, ngakhale ine sindikadalimba mtima kumuikira kumbuyo. Sukulu ya Luanar ku Bunda tsopano ikuphunzitsa madokotala a ziweto, ndipo bungwe la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto ku Lilongwe. Zonsezi n'zabwino, koma thandizo lisathere m'tauni. Alangizi a m'madera ngati Nachisaka, Nalunga ndi Mvera ndiwo amaitanidwa koyamba, ndipo afunika mafuta a njinga ndi mankhwala m'chikwama.

Ife eni agalu tili ndi mbali yathu. Akalengeza za katemera wa chiwewe, tiyeni tipite nawo agalu athu, khadi tisunge pamodzi ndi mabuku a kusikelo. Tsiku lina galu akadzadzuka akukwawa, kapepala kameneko ndi komwe kadzamuyankhulire.