Kansalu Kouma ndi Madzi a Mthirira

Anzanga a Fomu 3 akukumbukira sabata ija ya mu Okutobala pamene ndinali kuyang'anira kabokosi koyera ka zanyengo kuseri kwa makalasi. M'kabokosimo muli zoyezera kutentha ziwiri, ndipo chimodzi chimakulungidwa ndi kansalu konyowa. Ine ndinaiwala kuthira madzi m'kabotolo, kansalu kanauma, zoyezera zonse n'kumaloza nambala imodzi. Ndinalemba mosakayika kuti mpweya wadzaza chinyezi, chonsecho kunja kuli ng'amba, milomo ikuchita kung'aluka! Bambo amene amatiphunzitsa Jogalafe sanandikalipire. Anangoti ndifufuze kumene cholakwacho chikadakathera.

Madzi a m'dothi ndi a m'masamba sauluka okha, amafuna mphamvu ya dzuwa. Koma si yonse imene imakhalira pansi. Udzu wobiriwira umabweza pafupifupi magawo 23 mwa 100, ndiponso nthaka imataya kutentha kwina kumwamba usana ndi usiku. Yotsalayo ndiyo azanyengo amati net radiation, ndipo ndiyo imakoka madzi ambiri otuluka m'munda.

Chida choyezera mphamvuyi n'chodula, motero malo ambiri amachita kuiwerengetsera. Madzi oulukawo amawapeza ndi masamu amene Howard Penman analemba mu 1948, John Monteith n'kuwawonjezera mu 1965, ndipo bungwe la FAO linawafalitsa m'buku lake la 1998. Masamuwa amafuna maola a dzuwa, kutentha, chinyezi ndi mphepo. Alibe maso oonera kunja. Chimene wawapatsa amalandira.

Titenge mpira wagalasi wa Campbell-Stokes, umene umawerenga maola a dzuwa potentha kapepala. Mthunzi wa mtengo wa mango ukaugwera madzulo, ola limodzi latayika. Nditawerengetsera ndi dzuwa la kwathu kuno mu Okutobala, ndinapeza kuti olalo limachepetsa yankho ndi mamilimita pafupifupi 0.2 patsiku. Zikuoneka zochepa, eti? Koma milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000. Ndiye kuti chimanga cha mthirira chikumanidwa malita 2,000 tsiku lililonse, ndipo pamasiku 90 akwana 180,000.

Cholakwa changa chinali chodabwitsa kwambiri, popeza chinakokera mbali ziwiri. Mpweya wachinyezi uli ngati bulangete, kotero masamu akadaganiza kuti nthaka yataya kutentha pang'ono, n'kukweza net radiation. Komanso akadaganiza kuti mpweyawo ulibe ludzu, n'kuchotseratu madzi onse amene mphepo youma imanyamula. Ziwirizi sizifafanizana ayi. M'chilimwe chachiwiricho n'chachikulu. Mlimi wokhulupirira nambala zangazo akadathirira mopereweza m'mwezi umene mbewu zimafota msanga, osadziwa kuti gwero lake ndi mnyamata amene anathamangira belu la kadzutsa.

Masiku ano ndikatuluka mu Misa ya m'mawa ndimayamba ndakhudza kansalu kaja ndi chala ndisanatsegule kope.