Chiyambi cha nkhandwe za m'masewero a Pokémon

LILONGWE: Pa zikwama za kusukulu, pa malaya a pa kaunjika ndi m'mafoni a ana a ku Chilinde, Kawale ndi Biwi mumapezeka zithunzi za tinyama ta masewero a Pokémon. Tina mwa tinyamati timafanana ndi nkhandwe, koma tili ndi michira yambiri ndipo timalavula moto. Kholo kapena mphunzitsi amene waona chithunzi chotere koyamba akhoza kuchiyesa chizindikiro cha ufiti n'kulanga mwana wosalakwa. Nkoyenera tsono kuti aphunzitsi ndi alangizi a zachisamaliro cha ana adziwe gwero la tinyamati.

Masewero a Pokémon adayamba ku Japan pa 27 February 1996, pomwe kampani ya Nintendo idatulutsa sewero lokonzedwa ndi Game Freak pa kachipangizo ka m'manja ka Game Boy. Mwini maganizowa, Satoshi Tajiri, ankakonda kugwira tizilombo m'tchire ali mnyamata, monga momwe ana a kuno amasakira ziwala ndi mafulufute. Wosewera amagwira tinyama topeka, kutilera ndi kutipikisanitsa. Pachiyambi padali mitundu 151, koma pofika 2024 idakwana 1,025. Makhadi ake adatuluka mu 1996 momwemo, ndipo katuni ya pa wailesi ya kanema idatsatira mu 1997.

Nkhandwe zoyamba m'gululi ndi Vulpix, ya nambala 37, ndi Ninetales, ya nambala 38. Malinga ndi nkhani ya m'seweroli, Vulpix imabadwa ndi mchira umodzi woyera umene umagawikana mpaka kukwana isanu ndi umodzi. Ikakhudza mwala wa moto imasanduka Ninetales, ya michira isanu ndi inayi, yomwe amati imakhala zaka 1,000.

Olemba seweroli adatenga zimenezi ku nthano zakale za kwawo. Ku Japan amasimba za nkhandwe yotchedwa kitsune, imene michira yake imachuluka ikamakalamba, ndipo ikafikitsa isanu ndi inayi imakhala yanzeru zakuya. Nthano zofanana nazo ziliponso ku China ndi ku Korea. M'nthanozi nkhandwe imatha kudzisandutsa munthu n'kupusitsa apaulendo, ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe lidapatsidwa kwa Zorua ndi Zoroark, zomwe zidabwera mu 2010 ndipo zimanamiza mdani potenga maonekedwe a nyama ina.

Nkhandwe zina zidatengera nyama zenizeni. Fennekin, ya mu 2013, idajambulidwa potsanzira kankhandwe ka makutu akuluakulu ka m'chipululu cha Sahara, kumpoto kwa Africa. Mu 2016 kudatuluka Vulpix yoyera ya m'mapiri ozizira, imene mphamvu yake ndi madzi oundana m'malo mwa moto. Nickit ndi Thievul za mu 2019 ndi nkhandwe zakuba, ndipo zimapezeka m'dera lomwe olemba adalifanizira ndi dziko la Britain, kumene nkhandwe zofiira zimayenda m'mizinda usiku kufunafuna chakudya.

Nkhandwe ya kuno kwathu ndi ya mtundu wina, yoyandikana kwambiri ndi galu. Ili ndi mzere m'nthiti ndi nsonga yoyera kumchira, ndipo imaoneka m'malo ngati ku Nyika. Chichewa chimazitchula zonse ndi dzina limodzi. Kupatsa nyama nzeru ndi ukathyali wa munthu si zachilendo kwa Amalawi, pakuti agogo akhala akusimba za Kalulu wochenjera ndi Fisi wadyera madzulo pamoto, popanda wina kuwaganizira za ufiti.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi ndalama. Makhadi amagulitsidwa m'timapaketi totseka, ndipo wogula sadziwa zomwe zili m'kati mpaka atatsegula. Makhadi ena ndi osowa kwambiri, choncho mwana amene akufuna Ninetales yonyezimira akhoza kugula mobwerezabwereza osaipeza. Pofika 2024 makhadi oposa 60 biliyoni adali atasindikizidwa pa dziko lonse, ndipo achinyengo nawo ndi ambiri. Mu 2001 akuluakulu a chipembedzo ku Saudi Arabia adaletsa masewerowa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo chidali chakuti amafanana ndi juga. Kuno ku Malawi malamulo salola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga, kotero ana akayamba kubetcherana ndalama pa makhadi, sukulu ili ndi chifukwa chomveka cholowererapo.

Pa masewero a pafoni palinso za kugula data ndi zinthu zolipira za m'kati mwa sewero, zomwe zikhoza kudya ndalama za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati mwana adziwa nambala yachinsinsi ya kholo. Sewero la Pokémon GO, lomwe lidatuluka mu 2016, limafuna kuti wosewera aziyenda m'misewu akuyang'ana pafoni, zomwe ndi zoopsa m'misewu ya minibasi ndi njinga zamoto za kabaza zambiri ngati ya ku Area 23.

Mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu ikalandira dandaulo la mtundu umenewu, ndi bwino kufufuza zinthu zitatu: komwe mwana watenga ndalama, nthawi yomwe akuthera pa sewerolo, komanso ngati pali kubetcherana. Chithunzi cha nkhandwe ya michira isanu ndi inayi pachokha ndi nthano ya ku Japan yojambulidwa pa pepala.