NCHITO YOLANKHULA M'MALO MWA ANTHU A M'KANEMA

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe)

Lero sindikamba za manyowa. Ndikamba za funso limene mfumu ina inandifunsa titaweruka ku munda wa chitsanzo. Inati, "A Mlangizi, mdzukulu wanga watsiriza Fomu 4, ndipo akuti tigulitse mbuzi ziwiri apite ku tauni akakhale wolankhula m'kanema. Kodi imeneyi ndi nchito, kapena ndi ulesi chabe?" Ine ndinati, "Amfumu, ndi nchito ndithu, koma mbuzizo ziyambe zakhala m'khola." Tsono ndifuna kukufotokozerani chifukwa chache ndinayankha chotero.

Ambiri a inu mwaonapo kanema wa ku China kapena ku India m'nyumba zoonetsera kanema pa msika, Mchaina alikulankhula Chichewa chosalala. Mchainayo sadziwa Chichewa ai. Mau ache anawatsitsa kapena kuwachotsa, ndipo mnyamata wa konkuno analankhula m'malo mwache. Chimodzimodzi kanema wa Yesu uja aonetsa m'midzi usiku. Anatuluka m'chaka cha 1979, osewera ache analankhula Chingelezi, ndipo mau a Chichewa anaikidwamo pambuyo pache.

Nchitoyi iri pawiri. Njira yapafupi ndiyo yakuti munthu mmodzi alankhule pamwamba pa mau a eni ache, monga achitira womasulira pa msonkhano. Njira yobvuta ndiyo yakuti munthu ali yense wa m'kanema apatsidwe womlankhulira, ndipo mau agwirizane ndi milomo. Kanemayo amdula tizidutswa ta chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Wolankhula abvala zomvera m'makutu, ayang'ana chithunzi, nabwereza kachidutswako kufikira ayambe pamene mwini wache atsegula pakamwa ndi kuleka pamene atseka. Ngati mwiniyo watseka milomo, monga tichita ponena m, b kapena p, womasulira afunafuna liu la Chichewa lotseka milomo pomwepo. Bvuto lalikuru ndi lakuti mau athu ndi otalika. Mngelezi poitana munthu atsegula pakamwa kamodzi kokha, ife titsegula katatu: bwe-ra-ni. Chotero nthawi ichepa, ndipo wolankhula afuna kudula mau.

Apa ndipo nkhaniyi ikhudza ife alimi. Tsiku lina anandiitana kukamvera mau amene anaika m'kanema wamfupi wa kabzalidwe ka chimanga. Mnyamata wolankhulayo anali ndi mau okoma ndithu. Pepala lache linati mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, mbeu imodzi pa phando. Iye poona kuti chithunzi chatha mau asanathe, anangoti, "Bzalani mbeu imodzi motalikirana masentimita 75." Taganizani. Wotsata malangizo oona akhala ndi mapesi ngati 53,000 pa hekitala. Womvera mnyamata uja akadakhala ndi mapesi osafika 18,000, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo atatu, thukuta la kulima ndi kupalira liri lomwelo. Palibe mmodzi m'chipindamo anaona cholakwa, pakuti onse anali ana a m'tauni. Tinakhala madzulo onse kusintha mau kufikira manambala onse awiri analowa.

Ndiye chifukwa chache ndinena kuti mwana wokulira m'mudzi ayamba nchitoyi ali nacho kale chimene anzache alibe. Iye adziwa kuti kupalira ndi kubandira ndi zinthu ziwiri, adziwa kaufiti, nankafumbwe ndi chiwawu, adziwanso mmene nkhalamba ilankhulira pa bwalo ndi mmene mkamwini ayankhira apongozi. Ngati pa Chichewa aonjeza Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe, mwai wache ukula.

Nanga ofuna mau ndi ayani? Wailesi ya MBC, imene inayamba m'chaka cha 1964, inazoloweretsa dziko lino masewero a pa wailesi. Bungwe la Story Workshop linayamba sewero la Zimachitika m'chaka cha 1997. Pali mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi Mudzi Wathu ku Mchinji. Pali amalonda ofuna kulengeza katundu wao. Palinso bungwe la Access Agriculture, limene limasulira makanema a ulimi ojambulidwa m'maiko ena, kotero kuti mlimi wa kuno akhoza kumva m'Chichewa mmene anzache a ku Mali alimbanira ndi kaufiti.

Mwana wofuna nchitoyi sasowa kuyamba wapita ku tauni. Awerenge mokweza tsiku ndi tsiku, nyuzipepala kapena kabuku ka malangizo a ulimi, najambule mau ache pa foni, nadzimvere yekha. Poyamba adzachita manyazi, pakuti adzamva mmene amezera mau a kumapeto ndi mmene apumira pakati pa chiganizo. Ajambulire m'chipinda chaching'ono, atapachika mabulangete kapena masaka m'makoma kuti mau asabwerere, ndipo asayese m'nyumba ya malata mvula irikugwa. Aphunzire kulankhula ndi wochi: chilengezo cha masekondi 30 chikhale cha masekondi 30. Akakhoza, akonze chitsanzo cha mphindi imodzi kapena ziwiri, muli chilengezo, mau a nkhalamba ndi mau a munthu wokwiya, napite nacho ku wailesi ya m'dera lache. Mwina adzayamba wosalipidwa. Inu mafumu mukhoza kuthandiza pomlola awerenge makalata ndi zilengezo pa misonkhano ya m'mudzi, chifukwa wolankhula kuti gogo wokhala kumbuyo amve bwino waphunzira kale theka la nchitoyi.

Tsopano za ndalama, pakuti mbuzi zija zagona apa. Ambiri m'nchitoyi salandira pa mwezi. Alipidwa monga waganyu, nchito ikapezeka, ndipo mwezi wina ikhoza kusowa konse. Pakati pa miyezi yotere munthu adya za kumunda. Akapeza nchito apemphe pangano lolembedwa, lonena malipiro, kumene mau ache adzamveka, ndi kwa nthawi yotani. Ichi nchofunika koposa kale, chifukwa makompyuta tsopano akhoza kuphunzira mau a munthu ndi kulankhula monga iye mwini wache palibe. M'chaka cha 2023 osewera m'kanema a ku America ananyanyala nchito kuyambira July kufikira November, ndipo nkhani ya makina otsanzira anthu inali imodzi ya madandaulo ao.

China nchakuti kanema ali ndi mwini wache monga munda uli ndi mwini wache. Kutenga kanema wa eni, kuikamo Chichewa ndi kumagulitsa popanda chilolezo, kulakwira lamulo la Copyright la chaka cha 2016, ngakhale ambiri achita chotero pa misika. Bungwe la COSOMA ndilo liyang'anira zimenezi, ndipo wofuna kudziwa njira yoyenera akafunse kumeneko asanagule kompyuta.

Mdzukulu wa amfumu aja ndinamuuza zomwezi, iwo ali pomwepo. Sanakondwe nane ai. Koma Loweruka lapitali ndinamva kuti anabwereka mabulangete awiri kwa agogo ache akazi, ndipo agogowo alikufunsa kuti adzabweza liti, popeza nyengo yozizira yayandikira.

Sabata ya mawa tidzakamba za kuyanika chimanga musanachithire mankhwala. Tsalani bwino.